Nkhata za Pansi pa Galimoto

Mai wopita kukatunga madzi saiwala nkhata. Akhoza kuiwala nsapato, akhoza kuiwala kutseka citseko, koma kansalu kaja kopindidwa mozungulira, kapena kaudzu kopotedwa, sakasiya m'mbuyo, pakuti adziwa kuti mtsuko wodzaza ukakhala pamutu popanda kanthu pakati, ulendo wobwerera ukhala wa misozi. Odutsa m'njira amayamikira mtsuko woumbidwa bwino, amayamikiranso khosi lolimba la wousenza, koma sitinamvepo munthu akuyamikira nkhata. Imakumbukika tsiku limene palibe.

Galimoto nayo iri ndi nkhata zake, ndipo ziri m'malo amene mwini wake sayang'anamo kawirikawiri. Amakaniko amazichula kuti mabushi. Ndi timphira tolimba, tina tocepa ngati suku, tina tofika pa nkhonya ya mwana, timene timakhala pa mfundo iriyonse pamene citsulo cogwira gudumu cikumana ndi thupi la galimoto. Aliyense amene anakwerapo ngolo ya ng'ombe pocokera kumunda adziwa umo ulendo umakhalira pamene magudumu alumikizidwa ku thupi popanda colandira nkhonya za mseu: mwala uliwonse umamveka mpaka m'mano. M'galimoto nchito imeneyi anaigawa patatu. Masipuling'i amasenza kulemera, mashoko amaletsa galimoto kunjanja ngati mpira, ndipo mabushi amalola zitsulo kugwedera pang'ono popanda kugundana, kwinaku akusunga gudumu pamalo pake peni-peni. Nchito yosunga gudumu pamalo pakeyi ambiri aife sitiiganizira, komatu ndiyo imene moyo wa okwera umadalira.

Ife m'nyumba muno tiri ndi Toyota Corolla ya kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, imodzi mwa magalimoto aja amene amabwera kucokera ku Japan atagwira kale nchito, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde. Kumene inacokera inazolowera miseu yosalala. Kuno ku Chipata, mseu waukulu wa Great East Road, wa makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Lusaka, imauona mwa kamodzikamodzi. Masiku ake ambiri amathera m'miseu ya fumbi ya kumidzi, imene m'cilimwe imacita mizere ngati malata a padenga, ndipo m'dzinja imasanduka maenje odzaza madzi amene kuya kwake umakudziwa utalowamo kale. Ndiyo imanyamula agogo akazi usiku cifuwa cikawathina, ndiyo imatuta matumba a mtedza, ndipo pa maliro imabwerezabwereza ulendo ndi miphika, ufa ndi azimai okaphika. Pa cibale cathu conse galimoto ndi yomweyi. Ikagona, sigonera banja limodzi.

Mabushi satha tsiku limodzi, ndipo ici ndico cimanyenga. Poyamba pamamveka kaphokoso kakuti gu! pokwera cikweza ca mseu, kenaka cete kwa masiku atatu. Kwathu anayamba kukamva ndi amai a kunyumba, pakuti mpando wao uli kumanzere, ndipo mbali imeneyo ndiyo imayenda m'mphepete mwa mseu m'mene tala anadyeka. Patapita milungu, ciongolero cinayamba kufuna kugwiridwa ndi manja onse awiri ngakhale pa mseu woongoka, galimoto ikumapatuka pang'ono ngati ng'ombe yaona msipu. Poponda mabuleki inkakokera mbali imodzi. Cizindikiro cimene cinatiimitsa cinali pa tayala: kunja linali likali ndi mano ake, koma m'mphepete mwa mkati linali litasalala ngati cikhatho. Tayala lotere silinadyeke cifukwa ca ukalamba. Linadyeka cifukwa gudumu linali kuyenda copendekeka, likukhuta mseu m'malo mogudubuzika. Owerenga athu amene anagulapo tayala latsopano adziwa kuti mtengo wake ungagule mabushi angapo.

Kuti munthu atsimikize, sipafunika makina. Galimoto ikakwezedwa ndi kukhazikidwa bwino, mumalowetsa citsulo cocotsera matayala pakati pa mkono wogwira gudumu ndi thupi la galimoto, n'kukanikiza. Bushi lamoyo limagonja pang'ono n'kubwerera lokha. Lakutha limasuntha momasuka, ndipo mukaunika ndi toci mumaona ming'alu yakuya, kapena mphira itasiyana ndi citsulo cake. Timing'alu tating'ono ta pamwamba cabe sitiyenera kuopsa munthu. Mphira iriyonse yokhalitsa imakhala nato.

Tiyenera kufotokoza pang'ono umo bushi linapangidwira, cifukwa zonse zimene tidzanena m'tsogolomu zicokera pamenepa. Pakati pake pali kapaipi ka citsulo, kunja kwake kuli cikopa ca citsulo, ndipo mphira iri pakati pa ziwirizi, yomatidwa ku zonse ziwiri pa moto wa kufakitale. Cikopa ca kunja cimakhomeredwa zolimba m'bowo la mkono. M'kapaipi ka pakati mumapita bawuti, ndipo bawutiyo akamangidwa, kapaipiko kamapanidwa ku thupi la galimoto kotero kuti sikazungulira konse. Tsono mkono ukamakwera ndi kutsika pa mabampu, palibe citsulo cimene cikhuta cinzake. Mphira ndiyo imapotoka ndi kubwerera, monga nsalu imene mai akufinya pocapa, kambirimbiri pa ulendo umodzi wopita kucigayo. N'cifukwa cake bushi la mphira silifuna girisi, ndipo n'cifukwa cake limatopa.

Mphira yokhoza kupirira zotere si ya kale kwambiri. Utomoni wa mtengo wa mphira paokha umanata kukatentha ndipo umauma gwa kukazizira. Munali mu 1839 pamene Charles Goodyear wa ku America anapeza kuti ukautentha pamodzi ndi sulufule umalimba ndi kukhala wotamuka nyengo zonse, ndipo boma la kwao linalembetsa njirayo m'dzina lake mu 1844. Ngakhale ziri tero, mphira iri ndi adani amene sanagonjetsedwe mpaka lero: kutentha, mpweya, zaka, ndiponso mafuta. Oilo wodontha kucokera ku injini kapena ku shoko yoboola akamagwera pa bushi, amalifewetsa mpaka likhale ngati phala. Amene aika bushi latsopano pansi pa injini yodontha akutunga madzi ndi dengu. Pathu tinayamba tapukuta ndi kuonetsetsa kuti pamwamba pa mikono m'pouma.

Funso linali lakuti, kodi tipite nayo kugaraja kapena ticite tokha? Sitiri m'gulu la anthu onyoza amakaniko. Ambiri a iwo amagwira nchito yolemetsa ndi zida zocepa, ndipo pali zinthu zimene timawapatsa popanda kukangana. Koma makaniko wotangwanika kawirikawiri amasankha kusintha mkono wonse, umene umagulitsidwa uli ndi mabushi ake kale, pakuti kutero n'kofulumira ndipo sikumutuluka thukuta. Kwa iye n'kwanzeru. Kwa banja limene likuwerengera ndalama za sukulu, mkono wacitsulo umene sunapindike kapena kudyeka ndi dzimbiri si cinthu cotaya. Cimene nchitoyi imafuna kwambiri ndi nthawi, ndipo nthawi ya Loweruka ife tinali nayo. Tinalinso ndi mwai wina. Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala mkulu wina amene anagwira nchito zaka zambiri m'magaraja a ku migodi ku Kitwe, ndipo tsopano amaweta nkhunda. Safunsa anadya phula. Tinapita kukawagwadira Lacisanu madzulo, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi kampando kao, atanena poyera kuti manja ao anapuma kale, iwo abweretsa maso okha.

Za kugula tinenepo mosabisa. Pa mashelefu pamapezeka mitundu yosiyana. Pali mabushi a fakitale yeni-yeni ya galimotoyo, okwera mtengo. Pali a mafakitale ena odziwika, amene amagwira bwino ndithu. Palinso ena a m'mabokosi okongola, a mtengo wokopa, amene mphira yake ukaikanikiza ndi cikhadabo imamveka ngati pulasitiki. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupatula amenewa, m'misika yathu muli amisiri amene amasema mabushi kucokera ku matayala akale a malole, ndi mpeni wakuthwa ndi maso okha. Luso lao timalilemekeza, ndipo pa masipuling'i ogona a kumbuyo kwa vani, pamene bushi ndi mphira yokhayokha yolowetsa ndi manja, anthu ambiri afika kwao cifukwa ca iwo. Koma bushi losema silinamatidwe ku citsulo. Pa mkono wa kutsogolo, pamene gudumu loongolera ndi kuimitsa galimoto lidalira, ife sitingaliike, ngakhale litaperekedwa kwaulere. Aliponso mabushi a mtundu wa polyurethane, ofiira kapena acikasu, olimba kuposa mphira ndi osaopa oilo. Amenewa amazungulira pa kapaipi kao, motero amafuna girisi wao wapadera, ndipo akauma amalira ngati citseko cakale. Pa mseu wa mizere amapereka nkhonya zambiri kwa okwera. Poganizira msana wa agogo, tinasankha a mphira.

Tinanyamula nambala ya chassis popita kusitolo, cifukwa ma Corolla ofanana nkhope amasiyana pansi. Tinagulanso a mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti lakumanzere ndilo linali litatheratu. Bushi latsopano kumanzere ndi lotopa kumanja zimacititsa galimoto kuyenda ngati munthu wobvala nsapato ku phazi limodzi.

Tsopano tifike pa nkhani imene tikupempha owerenga kuti aiwerenge kawiri. Corolla yaing'onoyi imalemera kupitirira tani imodzi, ndiko kuti matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50 ndi kuposerapo. Jeke imene imabwera ndi galimoto anaipangira kusintha tayala m'mbali mwa mseu, munthu ali panja. Sanaipangire kuti munthu agone pansi pake akukoka bawuti wouma ndi mphamvu zake zonse. Jeke ya mafuta nayo imatha kutsika yokha mwakacetecete. Tonse taonapo galimoto yokhazikidwa pa njerwa kapena pa mabuloko a simenti, miyendo ya munthu ikuonekera pansi, ndipo tazolowera kotero kuti sitidabwanso. Njerwa sicenjeza. Siipindika pang'onopang'ono kuti munthu athawe, imaphwanyika kamodzi. Mkulu wathu uja, amene anali wanthabwala m'zonse, pa ici sanaseke. Anatiuza kuti ku migodi munthu wopezeka pansi pa galimoto yopanda masitandi sankafunsidwa mafunso ambiri, ndipo anakana kukhala pansi kufikira tinabwereka masitandi awiri acitsulo.

Tinasankha malo olimba ndi osatsetsereka, tinaika matabwa okhuthala pansi pa masitandi kuti asamire m'dothi, tinakoka handibuleki, ndi kuchinga magudumu a kumbuyo ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Manati a magudumu tinawamasula pang'ono galimoto ikali pansi. Itakhala pa masitandi, tinaigwedeza mwamphamvu tonse awiri ndi mnyamata wathu woyamba, kuti ngati iri yoti igwe, igwe tiri ciriri. Magudumu amene tinacotsa tinawagoneka pansi pa thupi la galimoto. Ana aang'ono anapatsidwa malire, mzere wolembedwa ndi phulusa, ndipo anauzidwa kuti wodumpha mzerewo akathandiza kusenda mtedza.

Kumasula sikunatenge nzeru zambiri. Mabawuti tinali titawatsuka ndi burashi ya waya ndi kuwapopera mafuta osungunula dzimbiri usiku wake, ndipo ici cokha cinapulumutsa theka la tsiku. Magalimoto a Toyota ali ndi ubwino wakuti masipanala ocepa amakwanira: 10, 12, 14, 17 ndi 19, kuonjezapo 21 ya manati a magudumu. Mwana wathu wamkazi, amene ali ndi dzanja labwino polemba, anajambula ciriconse ndi foni tisanacikhudze, ndipo bawuti aliyense wocotsedwa ankamuika pa katoni ndi kulemba kumene wacokera. Cenjezo limodzi la mkulu uja linali lakuti, mkono ukamasulidwa, tisakokere kunja mbali yotsala yogwira gudumu, pakuti shafuti yoyendetsa gudumulo ikhoza kusolokera m'mfundo yake ya mkati, ndiponso paipi ya mabuleki siyenera kukokeka. Tinaimangirira ndi waya. Dzuwa lisanafike pamutu, mikono yonse iwiri inali pa mphasa.

Apa mpamene nchito yeni-yeni inayambira. Bushi limene lakhala m'bowo lake zaka 20 silifuna kutuluka. Kugaraja amalikankha ndi makina a mphamvu ya matani ambiri, ife tinalibe. Njira imene ambiri amathamangira ndiyo moto: amatentha mphirayo mpaka igwe. Mkulu uja anaikana pa zifukwa ziwiri. Utsi wa mphira ndi woipa m'cifuwa, ndipo moto wosayezedwa ukhoza kufooketsa citsulo ca mkono m'njira imene maso sangaone. Njira ina ndiyo nyundo yaikulu, imene kawirikawiri imapinda mkono bushi likali pomwepo.

Tinacita motere. Tinaboola mphirayo mozungulira ndi drill mpaka kapaipi ka pakati kanatuluka. M'bowo munatsala cikopa ca kunja cokha, comamatira ngati cinabadwira momwemo. Tinamasula mpeni wa sowo yodulira zitsulo, kuulowetsa m'bowomo, ndi kuumangiranso pa cimango cake. Kenaka tinayamba kuceka cikopaco kucokera mkati, pang'onopang'ono, tikuima kawirikawiri kupukuta ndi kuyang'ana, cifukwa colinga ndi kudula cikopa cokha osakanda mkono. Mnyamata wathu, amene magazi ake akali otentha, anafuna kuthamanga, koma anamva mau kucokera pa kampando paja: "Mdzukulu wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukadya mkonowo, atate ako agula wina." Mzere utatsala pang'ono kupyola, tinaika chizulo m'mphepete n'kugogoda pang'ono. Cikopa cinapindikira mkati, mphamvu yake yonse inatha, ndipo cinagwa pansi ndi kaphokoso kocepa kotero kuti tinaseka. Loyamba linatidyera ola lathunthu. Lacinai linatuluka tiyi asanazizire.

Tisanacotse bushi lalikulu la kumbuyo kwa mkono, tinali titalemba cizindikiro ndi penti. Bushi limeneli si lofanana mbali zonse. M'mphira yake muli mipata imene anaisiya dala kuti ligonje mbali ina ndi kulimba mbali ina, ndipo latsopano liyenera kuyang'ana kumene lakale linkayang'ana. Munthu wosadziwa akhoza kuona mipatayo pa bushi latsopano n'kuganiza kuti amugulitsa long'ambika.

Kulowetsa latsopano kunafuna cida cimene tinapanga tokha: bawuti wamtali wokhala ndi mizere kucokera kumutu kufikira kunsonga, mawashala okhuthala, soketi imene kukula kwake kufanana ndi cikopa ca bushi, ndi kacidutswa ka paipi kokulirapo kokhala kuseri. Bowo tinalitsuka ndi sandipepala mpaka linawala. Mabushi anali atagona m'firiji usiku wonse, pakati pa nsomba ndi nyama, amai a kunyumba atabvomera monyinyirika. Citsulo cikazizira cimanyala pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo pamathandiza. Kenaka ndi kumanga nati, kuzungulira kumodzi, kuyang'ana, kuzunguliranso. Mphamvu iyenera kukankha cikopa ca kunja, osati kapaipi ka pakati, apo phuluzi mphira ing'ambika isanaone mseu. Bushi likayamba kulowa copendekeka, palibe mphamvu imene ingaliongole, mumabwerera n'kuyambanso. Pamene pafunika kutereretsa mphira yeni-yeniyo, monga pa timabushi ta citsulo copingasa ca stabilizer timene tinasinthanso tsiku lomwelo, madzi a sopo ndiwo abwino, pakuti amauma n'kucoka. Girisi wamba amatsala ndi kuyamba kuidya.

Dzuwa litapendeka, mikono inabwerera m'malo mwake, ndipo aliyense anali ataganiza kale za madzi osamba. Mnyamata anatenga sipanala yaitali kuti amange bawuti wopingasa uja kotheratu. Mkulu uja anaimirira, koyamba tsiku lonse.

"Leka, mdzukulu wanga. Ingomugwiritsa ndi dzanja. Galimoto iyambe yaponda pansi."

"Bwanji agogo, si pano pamene pali malo ogwirira bwino?"

"Malo alipo, inde. Koma taona umo mkonowo walendewera."

Pamenepa ndipo pagona cinsinsi ca nchito yonseyi, ndipo anthu ambiri amene amadandaula kuti mabushi a masiku ano sakhalitsa anapunthwa pomwepa. Galimoto ikakhala m'mwamba, mkono umalendewera pansi kufikira pothera. Mukamanga bawuti pamenepo, kapaipi ka pakati kamagwidwa mkono uli colendewera. Mukaitsitsa, kulemera kwa galimoto kumakweza mkonowo kufika pamalo ake a masiku onse, ndipo mphira imapotoka n'kukhala yopotokabe, usana ndi usiku, ngakhale galimoto itaima pansi pa mtengo. Bampu iriyonse imaonjeza kupotoka pamwamba pa kupotoka. Bushi loyenera kukhala zaka limang'ambika m'miyezi, mwini wake n'kumatukwana wa sitolo. Koma mukamanga galimoto itaponda pansi ndi kulemera kwake, mphira imayamba moyo wake iri yomasuka, yokonzeka kupotokera kumwamba kapena kumunsi mofanana.

Motero tinabwezera magudumu, tinatsitsa galimoto, tinaikankha kutsogolo ndi kumbuyo ndi kuinjanjitsa kuti ikhazikike. Pansi pa Corolla yoima pa magudumu ake munthu sakwanapo, ndiye tinaikweretsa pa matabwa okhuthala oyalidwa bwino pansi pa magudumu onse anai, n'kuichinga monga poyamba. Amene ali ndi dzenje lokonzera magalimoto pafupi angagwiritse nchito limenelo. Pomanga tinabwereka sipanala yoyeza mphamvu, imene amati torque wrench, ndipo muyeso wa bawuti aliyense tinautenga m'buku la galimotoyo. Ambiri timakhulupirira kuti bawuti womangidwa bwino ndi amene wamangidwa mpaka munthu watulutsa lilime. Bawuti wopyola muyeso amatamuka ndi kufooka, ndipo wosafika pa muyeso amamasuka m'njira. Ngakhale manati a magudumu ali ndi muyeso wao, umene pa Corolla ndi 103 Nm, wocepa kuposa umene anyamata opondera sipanala ndi phazi amapereka.

Lolemba m'mawa tinapita nayo m'tauni kuti akaongole magudumu pa makina, cimene amati alignment. Ici sicicitika ndi cingwe ndi maso pabwalo la nyumba, ndipo wocinyalanyaza adzapeza kuti tayala likudyekabe ngakhale mabushi ndi atsopano. Pa ulendo waufupi umenewo tinayenda pang'onopang'ono, mawindo otsekula, wailesi yozima, aliyense atachera khutu. Pa cikweza coyamba panalibe gu! Amai a kunyumba sananene kanthu, anangocotsa dzanja pa cogwirira ca pamwamba pa citseko, pamene linali litazolowera kukhala miyezi yonseyo. Patatha mlungu tinalowanso pansi kukayesa mabawuti onse, ndipo tinapeza ali m'malo.

Tisapereke cithunzi cakuti galimoto iriyonse ingacitidwe cimodzimodzi. Corolla iri ndi miyendo ya kutsogolo ya mtundu umene unachedwa dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America amene anaukonza m'zaka za m'ma 1940. Pa mtundu umenewu sipuling'i inamangidwa pamodzi ndi shoko, kotero kuti kucotsa mkono wa pansi sikuimasula. Pa magalimoto ena, makamaka mavani ndi maminibasi, sipuling'i kapena citsulo copotoka ca torsion bar cimakanikiza mkono weni-weniwo ndi mphamvu yosenza galimoto yonse. Womasula bawuti pamenepo asanacotse mphamvuyo mwa njira yake akhoza kuthyoka dzanja kapena nsagwada m'kuphethira kwa diso. Ndiponso mkono wopindika, wong'aluka kapena wodyeka ndi dzimbiri suyenera bushi latsopano, uyenera kutayidwa. Oyeza magalimoto a Road Transport and Safety Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2002, amayang'ana ngati galimoto iri yoyenera kuyenda pa mseu, koma iwo amaiona tsiku limodzi, ndipo masiku ena onse iri m'manja mwa amene amaimva ikulira.

Mabushi akale tinawaika pa shelefu m'kanyumba ka zida. Ana amawaonetsa kwa anzao, ndipo mwana wamkazi uja, amene poyamba anabwera kudzajambula cabe, tsopano amafotokoza yekha cifukwa cimene bawuti samangidwira m'mwamba. Mkulu wathu anakana ndalama. Analandira tambala mmodzi ndi lonjezo lakuti tsiku lopita kukalandira penshoni sadzakweranso njinga.

Pamene tinali pansi paja tinaunikanso kumbuyo. Mtanda waukulu wogwira magudumu a kumbuyo uli ndi mabushi ake awiri, okula kuposa onse amene tinasintha, ndipo lina layamba kuonetsa ming'alu. Mkulu uja analiyang'ana nthawi yaitali, analikanikiza ndi citsulo, n'kunena kuti lifika kumapeto a cilimwe koma dzinja lisalipeze. Amenewo safuna bawuti wathu wamtali ndi soketi; afuna cida cao ndi galimoto yokwezedwa pamwamba. Tapangana kale ndi a kugaraja kuti tidzapita nayo mtedza ukagulidwa, mvula ya Novembala isanagwe.